Kuwerenga Kutentha

Mwezi wa Julaye muno mu Basra
dzuwa silituluka, limangophulika.
Ndafika ndi tepi, kabuku, pensulo kukhutu,
ine Wijdan, mwana wa wowotcherera zitsulo,
wotumidwa kudzayeza chinthu chopanda mchira wochigwirira.

Ndayamba ndi khoma lakumadzulo,
limene limamwa dzuwa tsiku lonse ngati ngamila
n'kudzalibzikulira odwala usiku.
Mazenera khumi ndi anayi, magalasi opyapyala,
limodzi lomatidwa ndi katoni ya mankhwala.
Denga la konkire: ukaligwira masana
chikhatho chimakumbukirabe mawa lake.

Munthu aliyense ndi kambaula.
Wogona phee, mawati pafupifupi zana.
Namwino wothamanga ndi thireyi, kuposa pamenepo.
Wotentha thupi, buku langa silinenapo kanthu.
Ndawonkhetsa nyali za ku fiyeta,
makina ophikira mipeni ya madokotala,
firiji ya magazi yozizira m'mimba
koma yolavula moto kumsana,
ndi chinyezi chokwera kuchokera kumtsinje
chimene chimamata malaya pathupi ngati ngongole.

Nyumba imodzi, nyengo zisanu.
Kochitira opaleshoni kufuna mpweya watsopano, wosefedwa,
wokankhira kunja chitseko chikatseguka.
Kwa achifuwa chachikulu kufuna wokokera m'kati,
kuti chifuwa chisamayende chokha m'khonde.
Makanda obadwa masiku asanakwane
safuna kumva n'komwe za kuzizira kwanga.

Bambo Thamir, wosunga thumba la chipatala,
agogoda tebulo ndi mphete:
"Tigule timakina ta pakhoma, n'totchipa,
pofika Lachinayi takhoma kale."
Ndati timeneto timangotembenuza mpweya womwewo
ngati munthu wobwereza bodza limodzi.
Ikani makina oziziritsa madzi padenga, atatu,
awiri azigwira, enawo azidikira.
"Ndilipire makina ogona?"
Ndati fumbi likadzatsamwitsa amodzi
madigiri ali makumi asanu,
ogonawo mudzawatcha dzina la mwana wanu.
"Basi, gulani amodzi aakulu ngati sitima."
Ayi, okulitsa amaziziritsa msanga n'kuzima,
kusiya makoma akutuluka thukuta.
Apukusa mutu, amwa tiyi, sanasaine.

Potuluka, namwino Sabiha wandikoka mkono.
"Mwawerenga chiyani mu wodi yanga?"
Mabedi makumi awiri ndi anayi, monga pa pulani.
Waseka kamodzi, mosaonetsa mano.
"Mubwere usiku."

Ndinabwera.
Pansi pa bedi lililonse panali mkeka.
Mayi, mlamu, mwana wamkazi wochokera ku Zubair,
mnyamata atabisa ketulo yamagetsi kuseri kwa katani,
mafoni asanu ndi limodzi akuyamwa soketi imodzi.
Ndinawerenga mitu ndi chala, mwakachetechete,
ndikulumpha miyendo ndi nsapato:
makumi asanu ndi awiri kudza mmodzi.
Pulani inalibe malo a chikondi.
Chikondi nachonso chimapuma, chimatuluka thukuta,
chimatsegula zenera kuti chione ngati kwacha.

Magetsi anathima.
Jenereta inatsokomola kawiri isanavomere,
ndipo m'kamdima kameneko ndinamva nyumba yonse
ikubweza moto umene inameza masana.

Ndinang'amba tsamba lachisanu ndi chiwiri.
Ndinakhala pa masitepe, kabuku pabondo,
kuyambanso masamu ndi tochi ya foni,
kusankhanso zoti jenereta izisenza poyamba,
mzikiti wa patsidya usanaitane.
Nambala inakula. Bambo Thamir adzagogodanso tebulo.

Koma pali chimodzi sindinachilembe.
Pakona, bedi lomaliza pafupi ndi khoma lija,
mkulu wina wandevu zoyera
ankakupiza mkazi wake ndi chithunzi cha ekisire,
mapapo a mkaziyo akupita uku ndi uku m'mwamba,
kumubwezera kamphepo kamene anamumana.
Sabiha akuti wachita zimenezi mausiku khumi ndi awiri.
Ndafufuza m'matebulo onse a m'buku langa.
Mkono umenewo, ndiulembe mbali ya kutentha
kapena mbali ya kuzizira?